Woimba Wodikira Gitala

Achimwene anga anawamanga unyolo cha m'ma thu koloko masana, pakati pa depoti, anthu a m'basi yodzaza akusuzumira pa mawindo. Ine ndinali m'kashopu kanga ka pa geti, ndikuyesa timphira m'khutu la mtsikana wina wapaulendo. Ndinamusiya hedifoni imodzi ikulendewera, n'kuthamanga osatseka ndi chitseko chomwe.

Ndimagulitsa mahedifoni, aja olowetsa m'makutu. Ndatha zaka zisanu ndi zinayi pa geti pamenepo, ndipo anthu a pa depoti anandipatsa dzina loti Namakutu chifukwa munthu akamandipatsa moni ndimayang'ana khutu lake m'malo mwa nkhope. Sindichita nazo manyazi. Khutu limandiuza kamphira komuyenera munthu, kakang'ono, kapakati kapena kakakulu. Kamphira kakakwana bwino, phokoso la injini silikupeza ngakhale utakhala mpando wa pa tayala.

Achimwene amagwira ntchito m'chipinda cha katundu, momwe amasungira maphasulo otumizidwa pa basi. Ndi achibwibwi chibadwire. Ali mnyamata anakhalapo kundende miyezi isanu ndi umodzi pa mlandu wa njinga, ndipo njingayo anabadi, pamenepo sindingawaikire kumbuyo. Koma papita zaka makumi awiri, ali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo chichokereni kumeneko sanatolepo ngakhale singano ya mwini. Anthu ndiye saiwala. Chinthu chikasowa pa depoti, maso onse amayamba agwera pa iwo kenako n'kumafunsa chasowa n'chiyani.

Ndinawapeza atawakhazika pa benchi ya panja pa ofesi, manja ali pa miyendo. Pambali pawo panaima a sajeni a polisi, bambo wonenepa wooneka kuti tsikulo linamutopetsa kale. Pakhomo panali a manijala a kampani ya mabasi, ndipo kumbuyo kwawo kunali mlamu wawo, insipekitala wa matikiti, amene tonse timamutcha Tayi chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo tayi savula.

“Alakwanji achimwene anga?” ndinafunsa.

“Inu ndinu ndani?” anatero a sajeni.

“Mlongo wawo, bere limodzi. Alakwanji?”

A sajeni anatsegula kabuku kawo mosafuna. “Kamera yasowa m'chipinda cha katundu nthawi ya chakudya cha masana. Mwini wake ndi wojambula, muli zithunzi za ukwati wa anthu, sanazisungeko kwina. Loko sanathyole. Kiyi amasunga ndi awa. Mayi wa tiyi wamva munthu akuimba m'katimo, ndipo akuti pa depoti pano woimba pa ntchito ndi awa. A insipekitala awaona akutuluka ndi chikwama chakuda. Mukufunanso chiyani, mayi?”

“Ndikufuna kamerayo. Mwawapeza nayo?”

“Wabisa,” anatero Tayi akukonza kolala. “Anthu ozolowera awa sagwidwa nacho m'manja.”

Magazi ananditentha mpaka m'makutu. “Mwasecha ndani ndi ndani?”

“Tasecha woganiziridwa,” anayankha a manijala. “Namakutu, bwerera ku shopu kwako. Geti umagulitsirapo ija ndi ya kampani, usaiwale.”

“Sindinaiwale, bwana. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Geti mukhoza kundilanda, apa sindichoka.”

A sajeni anayang'ana wotchi yawo. “Galimoto ya ku polisi ifika folo koloko. Ikafika ndikupita nawo. Munthu wa mbiri ngati yawo, khoti silidzachedwa naye.”

Ndinali ndi maola awiri.

* * *

Ndinagwada patsogolo pa benchi. “Achimwene, munali kuti?”

“Ku-ku-ku matakisi, mlongo.” Akachita mantha mawu amawakanirira pa lilime, nsagwada n'kumanjenjemera. “A-agogo ena, ma-matumba atatu. Ndi-ndinawanyamulira.”

“Agogowo ali kuti?”

“A-anakwera. Anapita.”

“Chipinda munakhoma?”

Anagwedeza mutu kuvomera, n'kuloza ndi chibwano pa lamba pomwe pamakhala kiyi. A sajeni anali atamutenga kale.

“Kiyi wina alipo?”

Anayang'ana ku ofesi, n'kubweza maso msanga. Ndinamva. Kiyi winayo amakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha a manijala, ndipo mu ofesimo simulowa munthu wamba.

“Munaimba m'chipindamo masanawa?”

“A-ayi. M'mawa mokha.”

Achimwene akamaimba chibwibwi chimathawa. Mawu amatuluka osalala, okoma, mpaka amayi ogulitsa zipatso amasiya kuitanira malonda. Kuimba ndi malo okhawo amene amalankhula ngati wina aliyense, ndiye zinandipweteka kuona anthu akutenga chomwecho n'kuchisandutsa chingwe chowamangira. Ndinadzuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

* * *

Mayi wa tiyi ndinawapeza akutsuka makapu kuseri kwa kantini, akulankhula okha monga mwa masiku onse.

“Iii Namakutu, usandiyang'ane choncho mwana wanga, ine ndanena zomwe ndamva. Andifunsa kuti mayi munamva chiyani, ine n'kuti kuimba, basi iwo alembe alembe. Ndikanati sindinamve? Ine bodza ayi, ndine wa kwaya ine.”

“Sindikukuimbani mlandu, amayi. Tandiuzani bwinobwino. Munapita kukatani kumeneko?”

“Tiyi wa achimwene akowo! Tsiku lililonse hafu thwelofu, masupuni atatu a shuga, munthu wamkulu ngati ameneyo, ndimamuuza kuti mano adzatha. Ndafika, chitseko n'chotseka, m'kati wina akuimba. Ndagogoda ndi supuni, zii. Ndagogoda ndi dzanja. Kachitatu ndamenya ndi fulasiki, taona yapindika apa, ndikukuwa kuti tiyi uyu akuzizira! Munthu osayankha. Ndinapsa mtima n'kubwerera. Ndinati lero watukuka, tiyi wanga wayamba kumunyansa.”

“Achimwene anayamba akanapo tiyi?”

Anasiya kutsuka. “Ameneyo? Amamva supuni ndili ku geti.”

“Mawuwo anali awo?”

“Chitseko chija n'chachitsulo, mwana wanga, mawu amamveka ngati a mu mgolo. Koma kunena zoona ndinati kaya wadwala chimfine. Kuimba kwake kunali kokhota, ngati mbuzi yomwe chingwe chaithina. Nyimbo yake yachilendonso, si za kutchalitchi zomwe amakonda zija.”

“Taiimbani.”

“Pano? Anthu aziti ndapenga.” Koma anapukuta manja, n'kukweza mutu. “Ndikwera ya m'mawa, usandidikire…” Anaima, milomo ili yasa, maso ali kudenga. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi ndi ziwiri. “…dikire, usandidikireee!”

“Mwaimiranji pakatipo? Mwaiwala?”

“Sindinaiwale, ndi mmene amaimbira mwini wakeyo. Amati akaimba n'kudukiza, ine n'kumati wandimva, akubwera kudzatsegula. Ndidikire, ndidikire, basi wayambiranso, pakati pa liwu penipeni. Kawiri konse anandipusitsa choncho.”

Kaimbidwe kameneko ndimakamva tsiku lililonse m'kashopu kanga.

* * *

Munthu woimba yekha sadukiza. Akamaliza mzere amalowa wina, chifukwa palibe woti amudikire. Wodukiza ndi amene nyimbo ikumulirira m'makutu. Woimba wa m'nyimboyo akapuma kuti gitala ilire, nayenso amakhala chete kudikira gitala imene ife akunja sitikuimva, kenako amalumphira pomwe mawu abwerera. Amakhotetsanso mawu, poti sadzimva. Ndipo choseketsa n'chakuti sadziwa n'komwe kuti akuimba. Ndaonapo abusa, asilikali ndi amayi aulemu wawo akukuwa m'kashopu kanga, ine ndikawakodola amadabwa kuti anthu akuseka chiyani.

Wa m'chipindamo anali ndi mahedifoni, ndipo anali otseka kwambiri moti fulasiki pa chitseko chachitsulo sanaimve. Achimwene alibe mahedifoni. Ndinawapatsapo aulere, anawabweza tsiku lomwelo, akuti amamva ngati amira m'madzi.

Apaulendo ndimawagulitsa otseka ambirimbiri, koma apaulendo sadziwa za msomali wa kuseri kwa chitseko. Antchito a pa depoti nawo otseka safuna. Kondakitala, wonyamula katundu, wa matikiti, aliyense amandiuza zofanana: ndipatseni olowa mphepo, kuti abwana akaitana ndimve. Wantchito amasankha mahedifoni ndi mantha. Pa depoti yonse munthu mmodzi yekha ndi amene analibe womuopa.

Anabwera mwezi wathawu. Anayesa timphira tating'ono, anati tikugwa. Tapakati anati akumvabe hutala. Kenako ndinamutulutsira tasiponji, tija umatifinya ndi zala, n'kulowetsa, n'kudikira kuti tifufume m'khutu. Ndinamusonyeza kukoka khutu m'mwamba polowetsa. Ataika nyimbo ndinaomba m'manja kumbuyo kwa mutu wake, iye osaphethira. “AWA NDIYE ANGA!” anakuwa, ngati ndili kutsidya kwa msewu. “SINDIFUNA KUMVA ANA AKULIRA M'BASI, KAPENA MAKONDAKITALA AKUDANDAULA!” Chiyambire tsiku limenelo Tayi sasiyana nawo. Amalowa nawo paliponse, ngakhale kuchimbudzi.

Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikanati ndingolowa mu ofesi n'kuloza mlamu wa a manijala, akanandiseka, n'kunditulutsa pa geti pamodzi ndi katundu wanga. Ndinafunika kudziwa kaye kuti iye akuti anali kuti.

* * *

Ndinabwerera kwa a sajeni, omwe anali atakhala pa mpando akudzipepesa mphepo ndi kabuku kawo.

“Bwana, a insipekitala anawaona ali pati achimwene?”

“Mayi inu simutopa?” Anatsegulabe kabukuko. “Akuti anagona mpando wa kumbuyo m'basi yoonongeka ili ku galaja ija, kuyambira thwelofu. Atadzuka cha m'ma wani, anasuzumira pa windo, n'kuona awa akutuluka ndi chikwama.”

Ku galaja ndinapeza miyendo iwiri yokha itatulukira pansi pa basi yoonongekayo. Ndinaigunda ndi phazi. Makaniko anatuluka chagada, nkhope yonse ili girisi. Ndi munthu wouma pakamwa, mawu ake amachita kuwerenga.

“Achimwene a ku galaja, masanawa munali pano?”

“Eya.”

“Simunapite kukadya?”

“Sipuling'i ya basiyi inakana kuchoka. Ndimamenya.”

“Ndi hamala? Nthawi yaitali bwanji?”

“Ola lonse.”

“M'basimu munali munthu?”

Anayang'ana uku ndi uku, n'kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. “Ine ndimaona za pansi.”

“Basi ili pa jeke iyi. Munthu atakwera simungadziwe?”

“Imagwedera. Ndimatukwana.”

“Lero munatukwana?”

“Ayi.”

“Mukanene zimenezo kwa a sajeni.”

“Namakutu, ndili ndi ana anayi. Uja ndi mlamu wa bwana. Mawu anga ndi ake, olemera ndi ati?”

Ndinafuna kumulalatira, koma ndinadzigwira. Mantha ake anali oona, ndipo sindinali ine wodyetsa ana akewo.

“Chabwino. Za kugwederazo zisiyeni. Koma zoti mumamenya hamala mungavomere?”

“Zimenezo depoti yonse yamva.”

“Ndiye tengani hamalayo munditsate.”

Wotchi ya pa khoma la galaja inali pa hafu fili.

* * *

Ndinalowa mu ofesi osagogoda. A manijala anali pa desiki, Tayi atatsamira kabati, mahedifoni ake ali lende pakhosi. Kuseri kwa chitseko kiyi anali pa msomali wake, akuoneka wosalakwa. A sajeni analowa pambuyo panga, makaniko n'kuima pakhomo ndi hamala yake ngati wabwera kudzapepesa.

“Bwana sajeni, funso limodzi lokha,” ndinatero. “Awa amamenya chitsulo pansi pa basi ola lonse. A insipekitala akuti anagona m'basi yomweyo. Anagona bwanji? Munthu angagone pamwamba pa hamala?”

A sajeni anatembenukira kwa makaniko. “N'zoona?”

“Ndimamenya.”

Tayi anaseka, n'kunyamula mahedifoni ake ndi zala ziwiri. “Funsani mayi yemweyu. Anandigulitsa yekha. Ndikavala awa, ngakhale bomba liphulike sindimva.”

Pa zaka zisanu ndi zinayi sindinanenepo bodza pa katundu wanga, ndipo dzina langa pa geti paja ndi chuma chokhacho chimene ndili nacho. Pa windo la ofesi panali patadzaza makondakitala ndi apaulendo, makasitomala anga enieni. Ndinakweza mawu kuti onse amve.

“Amenewo? Ndi achabechabe amenewo, bwana. Satseka kanthu. Ndinangokunamizani kuti mugule, poti ndinaona kuti mumakonda kutamidwa. Siponji wake ndi wa matiresi.”

Pa windo anthu anati haa. Wina anaseka, wina anati, “Ndiye ndi wakuba nayenso mayiyu!” Zinandilasa, koma sindinatembenuke.

Tayi anafiira maso. Kumunena kuti ndi wabodza akanapirira, koma kumunena kuti anapusitsidwa ndi mayi wa pa geti, pamaso pa makondakitala amene amawazunza, zimenezo ayi.

“Ukunama! Ine zinthu ndimazidziwa. Awa ndi apamwamba!”

“Ndi a matiresi. Hamala munaimva, ndiye simunagone, ndiye m'basimo simunalimo.”

“Tiyese!” anakuwa. “A sajeni, tiyese pompano. Amenye hamala yakeyo, muone ngati ndimve.”

“Alamu, zisiyeni izi,” anatero a manijala, koma iye anali atayamba kale kufinya siponji.

A sajeni anakanda chibwano. Ndikuganiza kuti anangofuna chowachotsa tulo. “Tiyesere kuti?”

“M'chipinda cha katundu,” ndinatero. “Chitseko chake n'chachitsulo, chimalira bwino. Akhale pa mpando, apenye kukhoma, aike nyimbo zomwe anagona nazo masana. Akamva kugogoda atuluke. Akapanda kumva, akhale pomwepo mpaka tidzawakodole.”

“Ndikhala mpaka mawa,” anatero Tayi.

* * *

Tinamukhazika pakati pa makatoni ndi matumba, nkhope kukhoma. Anakoka khutu m'mwamba monga ndinamuphunzitsira, analowetsa siponji uku ndi uku, anadina foni yake, n'kupinda manja monyada. A sajeni anatseka chitseko. Makaniko anachimenya katatu, mpaka nkhunda zinauluka pa denga la depoti. M'kati munali zii.

“Basi mayi, mwagonja,” anatero a sajeni. “Katundu wanu ndi wabwino, mlandu wanu ndi woipa. Tsegulani.”

Ndinaima kutsogolo kwa chitseko, n'kutambasula manja. “Musatsegule, bwana. Zoti samva ndimadziwa kale. Sindinamulowetse umu kuti amve iye. Ndamulowetsa kuti timve ife.”

“Mukunong'onezeranji nanga?”

“Sindikunong'ona, ndipo inunso lankhulani mokweza, sakumva. Itanani mayi wa tiyi. Bweretsaninso achimwene, aime pano pomwe mukuwaona, pakamwa pawo pali potseka.”

Ndinawafotokozera za gitala mwachidule. A manijala anati ndi zamisala, ndipo analamula kuti ndichoke pakhomopo. Ndinawauza kuti andinyamule. A sajeni anatuma kondakitala kukaitana mayi wa tiyi, iwo n'kukatenga achimwene pa benchi.

Tinadikira. Mphindi ziwiri, zitatu. M'kati munalibe ngakhale chifuwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina munthu akakhala ndi mlandu pamtima saimba, kuti mwina ndagulitsa dzina langa pachabe. Achimwene anandiyang'ana ndi maso aja amene anandiyang'ana nawo zaka makumi awiri zapitazo pa khoti, opepesa, ngati olakwa ndi iwo pondivutitsa.

Hutala inalira ku geti. Galimoto ya polisi inalowa, n'kuima pafupi ndi ofesi.

“Nthawi yakwana,” anatero a sajeni, n'kugwira achimwene pa mkono.

“Mphindi zisanu, bwana.”

“Mayi, ndakulekererani mokwanira.”

“Mphindi zisanu! Mukawatenga awa sabwerako, inu mukudziwa. Mwadikira galimoto maola awiri, choonadi simungachidikire mphindi zisanu? Mukapanda kumva kanthu munditengere limodzi, mlandu wake wonamiza makasitomala, mboni ndi onsewa.”

A sajeni anapumira m'mwamba. Sanasunthe. Dalaivala wa polisi analizanso hutala, iwo anamukwezera dzanja kuti adikire.

Kenako kuseri kwa chitsulo kunamveka kanthu. Poyamba kanali kung'ung'udza chabe, ngati njuchi yolowa m'botolo. Phazi linayamba kugunda pansi. Ndipo mawu anatuluka, okhota, okweza, opanda manyazi.

“Ndikwera ya m'mawa, usandidikire…”

Mayi wa tiyi anagwetsa kapu. “Mayo ine! Ndi yomweyo! Ndi mbuzi yomwe ija!”

“Chete,” anatero a sajeni.

M'kati munali zii. A manijala anatsegula pakamwa kuti alankhule, ine ndinakweza dzanja n'kuyamba kuwerenga ndi zala pamaso pawo. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Depoti yonse inali duu, ngakhale ogulitsa zipatso. Nditafika pa khumi ndi ziwiri ndinaloza chitseko.

“…dikire, usandidikireee!”

Makondakitala anaphulika kuseka, ena mpaka kukhala pansi. Mayi wa tiyi anagwira a sajeni pa malaya. “Lembani bwana, lembaninso! Ine ndinati kuimba, sindinati achimwene awa. Awa amaimba ngati mngelo. Fufutani zija!”

“Basi ija sinagwedere,” anatero makaniko mwadzidzidzi, osafunsidwa ndi munthu. “Munalibe munthu. Lembaninso zimenezo.”

A sajeni anatembenukira kwa a manijala. Tulo tonse tinali titawathera. “Kiyi wa pa msomali uja amafikapo ndani?”

“Ine… ndi a m'banja.”

“A insipekitala amasunga kuti zinthu zawo?”

“Bwana sajeni, tiyeni tikambirane mu ofesi. Iyi ndi nkhani ya pachibale, tikhoza kuikonza mwakachetechete.”

“Pomwe mumamanga achimwene anga pakati pa depoti sinali ya pachibale?” ndinafunsa. “Ifenso tili ndi chibale, bwana. Tsegulani kabati.”

Kabati ya Tayi inali yomwe anatsamira mu ofesi muja. A manijala anaitsegula okha. Pansi pa mabuku a matikiti akale, chokulungidwa mu jekete la mvula, panali chikwama chakuda. A sajeni anatsegula zipi, anayang'anamo, n'kutseka.

Tinabwerera ku chipinda cha katundu gulu lonse. Woimba uja anali atayamba ndime yachiwiri. A sajeni anatulutsa kakiyi m'thumba, n'kumasula achimwene. Unyolo unali utasiya mizere m'mikono mwawo, ndipo ndinaisisita ndi zala zanga ndikulira, osabisa. Ndinalira ndi mkwiyo kuposa chisangalalo, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu a mu ofesi amene anati pepani.

“Namakutu,” anatero a manijala chapansipansi, “za geti zija ndimangonena.”

“Ine sindimangonena,” ndinayankha. Ndinatembenukira kwa anthu aja. “Ndipo inu nonse mwamva ndi makutu anu: hamala katatu, munthu osatekeseka. Wonena kuti Namakutu amagulitsa siponji wa matiresi abwere anene pamaso panga.”

A sajeni anakankha chitseko. Tayi anali chikhalire, nkhope kukhoma, mutu ukugwedera, chala chikuimba gitala pa bondo. Kumbuyo kwake kunaima a sajeni ndi unyolo wotsegula, mlamu wake, achimwene, ndi theka la depoti, iye osadziwa kanthu. A sajeni anatambasula dzanja kuti amukodole.

“Ndisiyireni ine, bwana,” ndinatero. “Ndinamuveka ndine.”

Ndinapita kumbuyo kwake, ndinagwira kachingwe ka kumanzere, n'kuzula. Siponji anatuluka kuti phu. Tayi anatembenuka akumwetulira.

“MWAONA? SINDINAMVE KALIKONSE!”

“Tikudziwa, bwana,” ndinatero. “Koma ife tamva zonse. Perekani manja.”